Si Ulesi Ayi, Ndi Vavu ya Mtima Yatha

Alimi anzanga, pa tsamba lino mwazolowera kuti ndizikuuzani za mbewu, feteleza, anankafumbwe ndi mitengo ya fodya ku okushoni. Lero mundikhululukire chifukwa ndapatuka pang'ono. Ndikufuna tikambirane za pampu imene mlimi aliyense ali nayo, imene sagula ku sitolo ndiponso alibe ina yosungira mawa. Pampu imeneyi ndi mtima. Nkhaniyi ndaitenga pakhomo pathu penipeni, ndipo mbali ina ikundichititsa manyazi ine mwini.

Kwathu ndi kwa Msakambewa, m'mapiri a m'boma la Dowa. Mlongo wanga anakwatiwa ndi mwamuna wochokera ku Ntchisi, cha kwa Kalumo, ndipo mwa mwambo wathu alamuwo anabwera kudzakhala chikamwini m'mudzi mwathu. Dzina lawo sinditchula. Pamene ankabwera anali chiphona cha munthu. Thumba la feteleza la makilogalamu 50 ankaliponya paphewa n'kukwera nalo chitunda kuchokera kumsewu osapumira panjira. Kwa zaka 12 analima fodya wa bale, chimanga, soya ndi mtedza pa munda wa mayi athu, kuphatikizapo dimba la tomato ndi anyezi kudambo.

Zinthu zinayamba kusintha m'chaka cha 2023, alamuwo ali ndi zaka 38. Nthawi yopanga mizere mu Sepitembala, akalima mizere itatu ankaima n'kutsamira mpini wa khasu, uku akupuma wefuwefu. Pofika Januwale wa 2024, anzawo atamaliza kubandira, fodya wawo anali akadali m'tchire. Pamudzi panayamba manong'onong'o. Atsibweni athu sanabise mawu. Anati, "Mkamwini ameneyu wakhuta nsima ya pamudzi pano. Wabereka ana anayi, tsono akuona ngati wafika."

Ine amene ndinapita ku Bunda kukaphunzira za ulimi ndikanayenera kuganiza bwino kuposa pamenepo, koma nanenso ndinaponyapo mwala wanga. Nditafika pamunda ndinati, "Alamu, fodya sadikira munthu. Mukachedwa kubandira sabata ziwiri muiwale za giredi yabwino." Iwo anayankha motsitsa mawu kuti, "Ndamva alamu, koma mpweya ukumandithera." Ine ndinangoseka n'kukwera njinga yanga yamoto.

Sikuti anangokhala osafuna thandizo ayi. Pa chipatala china chaching'ono anawapatsa mankhwala a mphumu. Ulendo wina anawayeza makhololo poganizira chifuwa chachikulu, koma sichinapezeke. Ena pamudzi anayamba kuloza zala anansi kuti pali amene akuchitira nsanje fodya wa chaka chapitacho. Mlongo wanga yekha ndiye ankaona zausiku. Anandiuza kuti, "Achimwene, bambo a kunyumbawa sakugonanso chagada. Akumatsamira thumba la chimanga mpaka kucha, ndipo mtima ukumagunda ngati mtondo moti ine ndikumaumva ndili pambali."

Zimene pampu ya kudimba inandiphunzitsa

Mu Juni 2024 anandiitana kuti ndikaone thiredo pampu yawo imene inkatulutsa madzi ochepa. Ndinachita zimene ndimalangiza nthawi zonse pa tsamba lino: osayeza ndi maso, yezani ndi ndowa ndi wotchi. Ndowa ya malita 20 imene kale inkadzadza m'masekondi 25 inatenga kupitirira mphindi imodzi, mnyamata wopondayo thukuta lili kamukamu. Titamasula tinapeza kuti labala ya vavu yang'ambika. Madzi akakwera, ena ankabwereranso kumene achokera. Wopondayo ankagwira ntchito yowirikiza, koma tomato ankamwa theka.

Alamu anali atakhala pachulu akutiyang'ana. Anaitenga labala ija, kuitembenuzatembenuza, kenaka anati, "Alamu, zimene ikuchita pampuyi ndi zimene ndikumva ine m'chifuwamu. Ndikuponda ndithu, koma madzi sakufika." Ndinawayang'ana bwino kwa nthawi yoyamba. Mapazi anali otupa moti patapata anali atasiya mizere pakhungu, ndipo mitsempha ya m'khosi inkadumpha moonekera patali.

M'mawa mwake ndinawatenga kupita ku chipatala cha boma. Dokotala anamvetsera pachifuwa nthawi yaitali ndi kachipangizo kaja amakoleka m'khosi, ndipo anati akumva kaphokoso ngati ka mpweya wotuluka pa chubu chobooka. Atayeza BP anapeza nambala yapamwamba ili yokwera, yapansi ili yotsika kwambiri, chimene anati ndi chizindikiro cha vavu yotayitsa magazi. Analemba kalata yotitumiza ku Kamuzu Central ku Lilongwe, chipatala chimene chimalandira odwala otumizidwa kuchokera m'maboma a chigawo chapakati, kuti akajambule mtima ndi makina amene iwo amawatcha eko.

Mtima ndi mavavu ake

Kuti timvane bwino, tiyeni tione kaye mmene pampu ya m'chifuwayi inapangidwira. Mtima ndi mnofu waukulu ngati chibakera cha mwini wake. Uli ndi zipinda zinayi ndi mavavu anayi, ndipo ntchito ya vavu iliyonse ndi yofanana ndi ya labala ija: kulola magazi kupita kutsogolo ndi kuwaletsa kubwerera. Mbali ya kumanja imatumiza magazi ku mapapo kukatenga mpweya. Mbali ya kumanzere imalandira magazi amenewo n'kuwakankhira m'thupi lonse.

Chipinda cham'munsi cha kumanzere ndicho ng'ombe yokoka ngolo. Munthu wamkulu akakhala phee, mtima umagunda ka 60 mpaka ka 100 pa mphindi, ndipo kugunda kulikonse kumatulutsa magazi okwana pafupifupi mamililita 70, amene ndi masipuni akuluakulu asanu. Pa mphindi imodzi ndi malita asanu. Pa tsiku ndi malita pafupifupi 7,000, kutanthauza migolo 35 ya malita 200. Munthu akagwira khasu pachitunda, ntchitoyi imawirikiza kangapo.

Magazi onsewa amatulukira pa khomo limodzi lolowera mu mtsempha waukulu wotchedwa aorta. Pakhomopo pali vavu ya timapiko titatu, timene timatseguka mtima ukafinya ndi kutsekeka ukamasuka. Vavu imeneyi imaonongeka m'njira ziwiri. Njira yoyamba ndi kuthina: timapiko timalimba kapena kumatana, khomo n'kuchepa. Khomo labwino limakhala masikweya sentimita atatu kapena anayi, loti chala chachikulu n'kulowa, koma likathina kwambiri limachepera sikweya sentimita imodzi. Pamenepo mtima umakankha ngati munthu woponda pampu imene paipi yake yatsekeka ndi matope, ndipo makoma ake amakhuthala. Njira yachiwiri ndi kutayitsa: timapiko sitikumana bwino, magazi amene atuluka amabwereranso, ndipo chipinda chija chimafutukuka kuti chikwanitse kusunga atsopano ndi obwererawo.

Chovuta n'chakuti mtima ndi wopirira. Umatha kusenza katundu ameneyu zaka 10 kapena 20 mwini wake osamva kanthu. Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Pamene munthu ayamba kutsamira khasu, mnofu umakhala utayamba kale kutopa.

M'chipinda chojambulira

Ambiri a inu mukudziwa sikani imene amajambulira amayi oyembekezera. Eko ndi mtundu womwewo wa makina, kungoti kamutu kake ndi kena ndipo wojambulayo amafunika maphunziro apadera a mtima. N'chifukwa chake si chipatala chilichonse chokhala ndi sikani chimene chingajambule mtima. Makinawa amatumiza m'thupi phokoso lapamwamba kwambiri loti khutu la munthu silingamve, ndipo amamvetsera likamabwerera, monga mmene mawu amabwererera ukafuula m'chigwa cha pakati pa mapiri. Mileme imayenda usiku ndi nzeru yomweyi. Anthu oyamba kuona mtima ukugunda mwa njira imeneyi anali dokotala Inge Edler ndi katswiri wa sayansi Hellmuth Hertz a ku Lund m'dziko la Sweden m'chaka cha 1953, ndipo anachita kubwereka makina amene ankafufuzira ming'alu m'zitsulo pa malo okonzera sitima zapamadzi.

Alamu anavula malaya n'kugona chammbali, cha kumanzere. Anawapaka mafuta ozizira pachifuwa n'kuikapo kamutu kaja. Panalibe jakisoni, panalibe kucheka, panalibe ululu, ndipo zonse zinatha pasanakwane ola limodzi. Dokotala atamva kuti ndine mlangizi wa zaulimi anandilola kuima pambali, ndipo anatifotokozera zinthu zinayi zimene amayang'ana.

Choyamba ndi vavu yeniyeniyo. Pa galasi tinaona timapiko tikutseguka ndi kutsekeka. Ta alamu tinali tokhuthala m'mphepete, ndipo potsekeka tinkasiya mpata pakati. Atasindikiza batani lina panaoneka mitundu, wofiira ndi wobiriwira ngati thambo, yosonyeza kumene magazi akulowera. Pa kugunda kulikonse tinkaona lawi la mitundu likubwerera m'chipinda. Makinawa amayezanso liwiro la magazi. Mukatsina kukamwa kwa paipi ndi chala, madzi amathamanga kwambiri. Chimodzimodzinso magazi pa vavu yothina. Pa vavu yabwino amadutsa pa liwiro la mita imodzi kapena kupitirira pang'ono pa sekondi, koma akafika mamita anayi pa sekondi madokotala amadziwa kuti khomo lathina koopsa.

Chachiwiri ndi kukula kwa chipinda ndi kukhuthala kwa makoma ake, zimene amayeza m'mamilimita. Chipinda cha mwamuna wabwinobwino chikadzadza sichipitirira mamilimita 58 m'mimba mwake. Cha alamu chinali 68.

Chachitatu, chimene dokotala anati ndicho mwini nkhani, ndi mphamvu ya mnofu. Apa ndi pamene ndinakumbukira ndowa ndi wotchi. Mtima sukhuthula magazi onse pa kugunda kumodzi. Wojambula amayeza kuchuluka kwa magazi chipinda chikadzadza, n'kuyezanso otsala chikafinya, ndipo amawerengera gawo limene latuluka. Mtima wamphamvu umatulutsa magawo 55 mpaka 70 pa 100 alionse. Nambala ya alamu inali 48. Dokotala anati, "Bambo, nambala imeneyi ikadakhala ya munthu wa vavu yabwino sindikadadandaula kwambiri. Koma pa vavu yotayitsa ngati yanuyi, ikutiuza kuti mnofu wayamba kugonja."

Chachinayi anatifotokozera ngati nzeru yatsopano imene inayamba kufala m'zaka za m'ma 2000, ndipo imapezeka pa makina ena okha. Vuto la nambala yachitatu ija ndi lakuti imachedwa kutsika. Mtima wa makoma okhuthala kapena wa chipinda chofutukuka ungathe kuonetsa 60 pamene ulusi wa mnofu wayamba kale kufooka. Tsono makina atsopanowa amatsata timadontho tachilengedwe timene timaoneka mu mnofu pa chithunzi, n'kuyeza mmene timayandikirana mtima ukafinya. Taganizirani legeni imene mwailemba madontho awiri: ikakhala yatsopano, mukaikoka n'kuisiya madontho amabwerera msanga pafupi; ikakalamba amabwerera pang'ono. Mnofu wa mtima wabwino umafupika ndi gawo limodzi mwa magawo asanu a utali wake, ndiye kuti pafupifupi 20 pa 100. Ukamafupika ndi 15 kapena kucheperapo, ndiye kuti wayamba kutopa ngakhale nambala ina ija ikuoneka yabwino. Mlimi aliyense akudziwa kuti chimanga chimayamba kusowa chakudya masamba asanachite chikasu.

N'chifukwa chiyani amalimbikira kuyeza mnofu pamene chaonongeka ndi vavu? Yankho la dokotala linali lalifupi: vavu amatha kuisintha, koma mnofu alibe wina. Pa pampu ya kudimba mnyamata akatopa mumaitana wina kuti aponde. M'chifuwa woponda ndi mmodzi yekhayo. Vavu ikasinthidwa mnofu usanafooke kwambiri, mtima umabwerera mwakale kapena pafupi ndi mwakale. Mukachedwa, mnofu umachita zipsera zimene sizichoka ngakhale aike vavu yatsopano. Malangizo amene madokotala a mtima amatsata amati munthu wa vavu yoonongeka kwambiri aganiziridwe za opaleshoni akangoyamba kumva zizindikiro, kapena nambala ija ikatsika kufika cha m'ma 50 ngakhale asakumva kanthu. Kale m'chaka cha 1968, madokotala awiri a ku America, John Ross ndi Eugene Braunwald, anaonetsa kuti munthu wa vavu yothina amene sanachitidwe opaleshoni amakhala zaka pafupifupi zisanu akayamba kumva kupweteka pachifuwa, zitatu akayamba kukomoka, ndi ziwiri zokha akayamba kubanika ndi kutupa.

Gwero lake ndi khosi la mwana

Kumaiko a azungu vavu imeneyi imathina makamaka ndi ukalamba, mwa anthu opitirira zaka 65. Palinso munthu mmodzi kapena awiri pa 100 alionse amene amabadwa ndi timapiko tiwiri m'malo mwa titatu, ndipo vavu yawo imatha msanga. Koma kuno kwathu, kwa munthu wa zaka 38, gwero lake kawirikawiri limakhala lina. Dokotala anafunsa kuti, "Bambo, muli mwana simunadwalepo malungo otupitsa mawondo?" Alamu anaganiza pang'ono, kenaka anakumbukira kuti ali ndi zaka ngati 10 analephera kupita kubusa mwezi wathunthu. Bondo limodzi likaphwa linkatupa linzake, kenaka chigongono. Anawatemera mphini, matendawo anatha okha, ndipo aliyense anaiwala.

Matendawa amayamba ndi zilonda zapakhosi zobwera ndi kachilombo kotchedwa streptococcus, makamaka mwa ana a zaka 5 mpaka 15. Zilondazo zikapanda kuchizidwa, pakatha sabata ziwiri kapena zitatu thupi la ana ena limasokonezeka: asilikali a m'thupi amene amalimbana ndi kachilomboko amatembenukira mfundo za mafupa ndi mavavu a mtima. Mawondo amachira, koma vavu imatsala ndi chipsera, ndipo matendawa akabwereza chipsera chimakula. Vavu imene imagwidwa kwambiri ndi ya pakati pa zipinda ziwiri za kumanzere, yotsatira ndi ya aorta, ndipo nthawi zambiri zimagwidwa zonse ziwiri. Kachilomboka kamafala mosavuta pamene ana ambiri amagona mothithikana m'kanyumba kamodzi, monga zimakhalira m'magowelo ndi m'nyumba za matenanti, makamaka m'miyezi yozizira ya kumapiri kuno.

Musaganize kuti ndi matenda osowa. M'chaka cha 2007, Eloi Marijon ndi anzake anafalitsa zimene anapeza atayeza ana asukulu 2,170 ku Maputo m'dziko la Mozambique. Pomvetsera pachifuwa pokha anapeza ana awiri pa 1,000 alionse, koma pojambula ndi eko anapeza 30 pa 1,000. Kuno kwathu, kafukufuku amene anatsogolera dokotala Amy Sanyahumbi m'boma la Lilongwe, amene zotsatira zake zinatuluka mu 2016, anajambula ana 1,450 a zaka 5 mpaka 16, ndipo ana oposa atatu pa 100 alionse anali ndi zizindikiro za matendawa pa mavavu awo, iwo eni osadziwa. Ndiye kuti m'kalasi ya ana 100, monga zilili m'sukulu zathu zambiri, mungakhale atatu. Kafukufuku wina wotchedwa REMEDY anatsata odwala 3,343 m'zipatala za maiko 14, Malawi ali momwemo. Theka la odwalawo linali la zaka zosapitirira 28, awiri mwa atatu alionse anali akazi, ndipo pomatha zaka ziwiri pafupifupi 17 pa 100 alionse anali atamwalira. Amenewa ndi anthu a msinkhu wogwira khasu ndi wobereka. Mu Meyi 2018 maiko a m'bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO anagwirizana zolimbana ndi matendawa.

Nkhani yabwino ndi yakuti m'mera mpoyamba. Zilonda zapakhosi za mtundu umenewu zimachizika ndi jakisoni mmodzi wa penisilini kapena mapiritsi omwa masiku 10 osadumphitsa. Mwana amene wagwidwa kale amatetezedwa ndi jakisoni wa penisilini wa pa sabata zinayi zilizonse kwa zaka zambiri. Ku Gulu m'dziko la Uganda anayesa njirayi pa ana amene eko inawapeza matenda asanaonekere, ndipo zotsatira zinatuluka mu 2021. Pa zaka ziwiri, mwa ana pafupifupi 400 amene ankabayidwa, atatu okha ndiwo matenda anakula. Mwa 400 amene sankabayidwa, anakula mwa 33.

Pamene tafika

Sindikunamizani kuti alamu anachira. Palibe mankhwala akumwa, a chizungu kapena a chikuda, amene angasoke vavu yong'ambika. Anawapatsa mapiritsi ochotsa madzi m'thupi, ena opeputsa ntchito ya mtima, ndi penisilini woteteza kuti matenda asabwereze. Anawauza kuti achepetse mchere, asiye chingambwe ndi kachasu, asamalire mano chifukwa tizilombo ta m'kamwa timakonda kukamera pa vavu yoonongeka, ndiponso asasenze zolemera. Kutupa kunaphwa, ndipo tsopano amagona ndi pilo mmodzi.

Chimene akufunika ndi opaleshoni yoika vavu ina. Kwa zaka zambiri Amalawi ofuna opaleshoni yotere akhala akutumizidwa kunja, makamaka ku India, ndipo ofuna ndi ambiri kuposa mwayi umene ulipo. Vavu yachitsulo imakhalitsa, koma mwini wake amamwa mankhwala oletsa magazi kuundana moyo wake wonse ndi kumayezetsa magazi pafupipafupi. Vavu yopangidwa ndi mnofu wa nyama siifuna zimenezo, koma imatha pakapita zaka, ndipo mwa achinyamata imatha msanga. Mapepala a alamu tinapereka, ndipo tikudikira. Pakadali pano amapita kukajambulitsa miyezi isanu ndi umodzi iliyonse. Ulendo wachiwiri nambala ija inali 48 yomweyo. Kabuku kawo kachipatala amakasunga m'pulasitiki limodzi ndi khadi lawo la fodya.

Dokotala anatiuza mawu amene sandichoka m'mutu: "Simunachedweretu, koma chaka chimene mwataya chija chinali chofunika." Chaka chimenecho ndi chimene ife tinkawanena ulesi.

Titabwerako ndinaitanitsa banja lonse pansi pa mtengo wa mango ndipo ndinafotokoza ndi labala ya pampu ija m'manja. Atsibweni sanayankhe kanthu tsikulo. Koma itafika nthawi yobandira, m'mawa wina tinangoona anyamata awo atatu ali m'munda wa alamu ndi makasu. Kwathu kupepesa kwa munthu wamkulu kumakhala kotero.

Pamunda tasintha zinthu zingapo, ndipo apa ndiye pa ntchito yanga. Fodya tamuchepetsa ndi theka, chifukwa ndiye mbewu yodya mphamvu kuyambira ku nazale mpaka pa jeke. Malo otsalawo tabzala soya ndi mtedza m'mizere iwiriiwiri. Pa munda wa chimanga tayamba ulimi wa mtayakhasu: mapesi sitiotcha, timaphimbira nthaka, ndipo sitigumula mizere chaka ndi chaka, motero ntchito yolemetsa ya Sepitembala yachepa. Thiredo pampu akuponda ndi anyamata, ndipo mlongo wanga akusunga ndalama ku banki m'khonde kuti agule pampu yoyendera dzuwa mogwirizana ndi anzake a m'dambomo. Alamu ndiwo akusoka ndi kusankha fodya m'chigafa atakhala pansi, kuyang'anira mbuzi ndi kulemba mabuku a kalabu. Chaka chino mabelo awo ndi ochepa, koma palibe limene labwezedwa chifukwa chosakaniza magiredi.

Zoti tichite

Mlimi mnzanga, ngati ntchito imene unkaigwira chaka chatha ikukubanikitsa chaka chino, ngati ukulephera kugona chagada, mapazi akutupa, pachifuwa pakupweteka pokwera chitunda, kapena unachitapo chidima m'maso n'kugwa uli pantchito, pita kuchipatala ndipo upemphe kuti akumvetsere mtima. Kubanika kumabweranso ndi kuchepa kwa magazi, chifuwa chachikulu, mphumu ndi BP, choncho usadziyeze wekha. Koma ngati wamwa mankhwala ndipo sizikusintha, bwerera ukanene, ndipo ufunse ngati n'koyenera kukajambulitsa mtima. Safunsa anadya phula. Akakupatsa kalata yopita ku Lilongwe, usadikire kuti ugulitse kaye fodya. Gulitsa mbuzi.

Amene anakuuzani kale kuti muli ndi vuto la vavu, musasiye kupita kukajambulitsa chifukwa choti mukumva bwino. Kumva bwino si muyeso; muyeso ndi nambala ija. Amayi amene muli ndi vutoli kambiranani ndi adokotala musanatenge pathupi, chifukwa mimba imawonjezera magazi m'thupi ndi pafupifupi theka, ndipo mtima wa vavu yoonongeka ungalephere kusenza. Ngati muli oyembekezera kale, kaneneni ku sikelo ulendo woyamba.

Makolo, mwana akadandaula pakhosi, thupi likutentha, akulephera kumeza, koma alibe chimfine kapena chifuwa, musangomugulira panado pa okala. Pitani naye kuchipatala tsiku lomwelo kapena mawa lake, ndipo akapatsidwa mapiritsi amalize onse. Akatupa mawondo kapena zigongono mosinthanasinthana, kapena manja akayamba kugwedezeka okha, thamangani naye ndipo mukanene za pakhosi paja. Mu Julayi chaka chatha mwana wachitatu wa alamu anadzuka akulephera kumeza phala. Bambo ake sanadikire kuti dzuwa likwere. Anaitana wa kabaza, ndipo pofika masana mwanayo anali atalandira mankhwala.

Ndipo inu eni mbumba, apongozi ndi alangizi anzanga, munthu amene ankalima ngati ng'ombe akayamba kutsamira khasu, musafulumire kumutcha dzina. Pampu ikachepetsa madzi sitiitukwana, timaimasula kuti tione vavu. Sabata yamawa, Mulungu akalola, tidzabwerera kudimba kuti tikambirane za kasamalidwe ka nazale ya anyezi m'nyengo yozizira.